Mtovu Sulira

Mphika wosungunulira mtovu unatentha bwino. Delmer anaponyamo timitovu tija amakomera m'malimu a matayala a galimoto. Anali atapempha ndowa yathunthu kwa okonza matayala. Anadikira. Pamwamba panayandama zinthu zonga phala logona. Anavundula, osatheka. Anathira m'chikombole, natsegula. Chipolopolo chinagwa chamakwinya, mutu wosadzaza.

Chotere sichipha nswala. Chimangoivulaza, n'kukafera kutali m'zigwa.

Nyengo yosaka inali itayamba. Mapiri a Idaho anali atayera kale nsonga ndi chipale chofewa. Ndipo Delmer anali atalonjeza mnzake Orval chiwindi cha nswala, chokazinga ndi anyezi. Nswalayo iphedwe ndi mfuti yapamanja ya Orval yemweyo, ndi zipolopolo zoumba okha, monga ankachitira kuyambira ali anyamata.

Kale ankagwira awiri m'galaja muno. Orval kusankha mtovu, Delmer kuumba ndi kuyeza wonga. Tsopano Orval anali kunyumba yosungirako okalamba ku Salmon, mbali imodzi itafa ziwalo. Mpando wake unali pomwepo, utachita fumbi.

Anamuimbira foni.

"Mdala, mtovu wako wasanduka phala."

"Wanga? Timitovu tina si mtovu, n'tachitsulo cha zinki. Wathiramo zinki iwe, chitsiru cha munthu," anatero Orval. Mawu ankatuluka mokoka. "Unaponya pansi?"

"Ukuti chiyani?"

"Pansi! Pasimenti! Kamodzikamodzi. Mtovu umangoti phi. Zinki imalira ngati belu. Zaka zonsezi unkaganiza kuti ndikutani?"

"Ndinkati manja ako ndi obowoka."

Orval anaseka mpaka kutsokomola. Kenako foni inaduka.

Delmer anataya phala lija, nakwecha mphika. Anakhala pampando wafumbi, natenga kamtovu kamodzi. Anakaponya. Zii. Anaponya kena. Zii. Anatchera khutu lamanzere, lomwe amati n'labwinoko. Tonse tinkagwa chimodzimodzi. Mfuti zinamudya makutu kalekale.

Pakhoma panali pulayala. Mtovu ndi wofewa, zinki ndi yolimba. Kungolumitsa kamtovu basi wadziwa, ntchito yatha, osavutitsa munthu. Delmer anayang'ana pulayalayo nthawi yaitali. M'galaja monse munali duu. Galu analibe. Mkazi anatsogola.

Ananyamula ndowa, nakaika m'galimoto.

Namwino wa kunyumba ya okalamba ija anayang'ana ndowa, nayang'ana Delmer.

"Bambo, zimenezi m'chipinda ayi."

"Pakhonde pali simenti, mwanawe?" anafunsa Delmer.

"Ilipo, koma kukuzizira."

"Ndifunditse bulangeti, undikankhe," anatero Orval ali panjinga yake ya olumala. "Ndisanafe ndimuphunzitse gonthi uyu."

Anakhala pakhonde. Delmer ankaponya, Orval atatsinzina.

"Mtovu."

Anaponya kena.

"Zinki. Taya uko. Iwe sukumva ndithu? Ngakhale agogo ali pawindowo amva."

"Ndikumva kulongolola kwako basi."

"Ponya, usandinyanse."

Milu iwiri inakula pang'onopang'ono. Dzanja lamoyo la Orval linkagunda bondo mtovu ukagwa. Mphepo inayamba kuluma. Namwino anatulukira.

"Agogo, yakwana nthawi ya mankhwala."

"Ndowa ili pakati," anatero Orval. "Timalize."

"Mtovu wakwana womwewu," anatero Delmer. "Wotsalawo ndibwera nawo ndi chiwindi."

"Anyezi usapsereze. Umapsereza iwe."

Njinga inalowa. Chitseko chinatsekeka. Delmer anawolera yekha mulu wabwino, naumanga m'jekete.

Kunyumba mtovu unasungunuka mumphika ngati madzi. Zipolopolo zinagwa pathaulo zili waliwali, mitu yafulati, m'mphepete mwakuthwa. Anazipaka mafuta, nayeza wonga, nazikhazika m'makatiriji, timabotolo tamkuwa tokhalamo wonga. Anayesa zingapo pachitsa kuseri kwa nyumba. Zinalowa malo amodzi.

Anatembenuka kuti alozere Orval. Kumbuyo kunalibe munthu.

Anapukuta mfuti ya Orval, naika m'chikwama chake chachikopa, kukonzekera phiri m'mawa. Ndowa yatheka ija anaisiya m'galimoto. Pulayala sanaikhudze.