Makolala a Fanny

Makina a Fanny anali akadali ovundikira ndi chitenje pamene bwana Cuthbert analowa m'fakitale yawo yosoka mayunifolomu ku Chinamwali. Malaya opanda makolala anali atangounjikana pakona. Pamenepo aliyense ankasoka chake, wina manja, wina matumba, wina mabatani. Makolala anali a Fanny yekha, ndipo iye akajomba, onse ankangoyang'anana.

"A Warda, kapitawo ndinu," anatero bwanayo. "Mnzanuyu akapanda kuoneka pofika masana, asabwerenso. Ndatopa nawo anthu ojomba mvula ikangogwa."

Warda zinamuwawa, poti ankadziwa kumene Fanny anali. Mvula yobzalira inali itagwa dzulo lake, ndipo mwamuna wa Fanny chipitireni ku Joni sanamvekenso. Malipiro a pafakitalepo akanadyetsa ndani chaka chonse? Wosabzala sabata imeneyo ndiye kuti njala anali ataiitana yekha.

Galimoto ya bwana itangolowera kutauni, Warda anazimitsa makina ake.

"Amayi, tingokhala pano n'kumayasamula? Nyamukani."

"Wakuti?" anafunsa Elsie, wosokerera mabatani.

"Kokatenga makolala athu."

Anam'peza Fanny kumunda kwake m'munsi mwa phiri, mwana kumsana, mizere yambiri isanakhudzidwe. Atawaona anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Mwabwera kudzandiuza kuti ntchito yatha?"

"Tatipatsani mbewuzo, achemwali, musatichedwetse," anatero Warda, akumanga chitenje m'chiuno.

Anagawana ntchito ngati kufakitale komwe. Warda ankatema mapando, ena n'kumakwirira ndi phazi. Elsie analanda thumba la mbewu, nati zing'onozing'ono zolowa pabowo ndiye ntchito yake chiyambire. Fanny anaseka, misozi ili m'maso. Dzuwa lisanafike pamutu, munda unali utatha.

Bwana Cuthbert pobwera anapeza makina onse akulira, Fanny atawerama pa makolala ake, koma simenti yonse ili matope okhaokha.

"Matopewa achokera kuti?"

Warda anaimirira.

"Kumunda kwa a Fanny, bwana. Mawa achokera kwa a Elsie, mkuja kwa a Mwanamvua. Sabata ino tizifika mochedwa, koma tizifika tonse. Ngati n'kuchotsa, muyambe ndi ine."

Bwanayo anayang'ana mulu wa malaya uja, womwe tsopano unali utayamba kuchepa. Anakanda m'mutu nthawi yaitali, kenaka analoza pakhomo.

"Mawa muzipukuta mapazi musanalowe."