Mwala wa pa Mpata wa Nsanja

Kuchokera ku Furancungo, m'boma la Macanga, kukafika ku Tsangano, ukadzera m'mapiri, ndi masiku atatu. Si ulendo wovuta. Kale amayi ankauyenda madengu a nyemba ali pamutu, ana ali kumbuyo, n'kukafika miyendo isanatupe. Germano anauyenda kosawerengeka ali mnyamata, atasenza mbewu ya kachewere ya mzungu wina amene sanamufunsepo dzina. Koma m'chaka cha oitenta e seis, 1986, anali atakalamba, bondo lakumanzere likumuvuta, ndipo ulendowo sanaufune.

Anaufuna anali Glória, mwana wake yekhayo amene anatsala. Glória anakwatiwa ndi Jacinto, mphunzitsi amene boma linamutumiza kuchokera ku Tete. Nthawi imeneyo anthu amfuti a m'tchire akalowa m'mudzi ankayamba kufunsa za aphunzitsi ndi anamwino. Sikola ya mudzi woyandikana inali itatenthedwa kale, ndipo mphunzitsi wake sanaonekenso. Mumsewu munali mabomba okwirira. Yotsala inali njira ya m'mapiri, kukafika ku Tsangano, kenako kuwoloka malire kulowa m'Malawi.

"Ababa, mukapanda kutiperekeza, bambo a Marta aphedwa," anatero Glória, khanda lake Marta lili kubere.

"Alibe miyendo iwowo? Mapu aja ankaonetsa ana m'kalasi ali kuti?"

"Mapu saonetsa njira ya mbuzi, ababa."

Germano sankamukhulupirira mkamwini wakeyo. Zaka zinayi za ukwati, Jacinto sanagwirepo khasu m'munda wa apongozi ake. Mkazi anamutengera kunyumba ya sikola ngati wagula mbuzi. Pamisonkhano ankaimirira atapisa dzanja m'thumba n'kumauza akuluakulu kuti nsembe ndi mizimu ndi umbuli. Koma Glória anali Glória. Germano anavomera, n'kuika malamulo ake. Nsapato zikwiriridwe kuseri kwa nyumba, wotchi iponyedwe m'chimbudzi, ndipo apulofesolo avale kabudula wong'ambika. Jacinto anamvera zonse. Chikalata chake cha uphunzitsi chokha ndicho Glória anachisokera m'mphepete mwa nsalu yoberekera mwana, akuganiza kuti bambo ake sakuona.

Ananyamuka m'bandakucha ndi chimanga chokazinga, mbatata yootcha ndi bulangete limodzi.

Mapiri a pakatiwo ndi a mizimu. M'nkhalango za pamwamba palibe amene amadula mtengo, kuimba mluzu kapena kuloza nsonga ya phiri ndi chala. Njira imadutsa mipata itatu, tsiku lililonse umodzi, ndipo pa mpata uliwonse pali mulu wa miyala wofika munthu m'chifuwa. Mwambo wake ndi wosavuta. Ukamawoloka mtsinje wa m'munsi mwa phiri umatola mwala wosalala m'madzi, n'kukwera nawo uli m'dzanja. Ukafika pamwamba umaukhudzitsa pabondo n'kuuika pamulu, kutopa kwako n'kutsala pomwepo. Mwala wokhakhala wotola pamwamba suloledwa, chifukwa sunautuluke thukuta. Mwala wa mnzako suika. Wofika chimanjamanja sadutsa, amabwerera kumtsinje kukatola. Ngakhale akatekisita, amene ankalalikira motsutsa zimenezi Lamulungu, Lolemba ankatola mwala wawo mwakachetechete.

Pa mtsinje woyamba Germano anatola wake, Glória anatolanso. Jacinto anawoloka manja ali lende.

"Akamwini, mwala."

"Apongozi, mwala ndi mwala. Kutopa kumakhala m'minofu. Zimenezi ndi zimene timazitcha obscurantismo, umbuli."

"Mumazitcha choncho?"

"Inde."

"Chabwino."

Anakwera. Njira inadutsa m'misuku, kenako m'udzu waufupi wa pamwamba pomwe mphepo imaluma makutu ngakhale dzuwa lili paliwombo. Pamulu Jacinto anadutsa osatembenuka n'komwe, ndipo palibe chinamuchitikira. Anayang'ana Glória n'kumwetulira. Germano anaona kumwetulirako, anakusunga. Anagona pansi pa thanthwe, osasonkha moto.

Tsiku lachiwiri mapazi a mphunzitsi anayamba kulankhula. Munthu amene wavala nsapato kuyambira ali mwana amaponda mwala uliwonse ngati akuufunsa chilolezo. Pofika masana zidendene zinali zitang'aluka. Midzi iwiri imene anadutsa inali mabwinja, nthochi zikupsera pamtengo, kopanda ndi galu yemwe. Pa kachisi wina m'mphepete mwa njira, denga litagwa, munali chikho chokhala ndi ufa pang'ono, ufa woyera bwino umene nyerere zinali zisanaumalize. Germano anauyang'ana n'kupitiriza ulendo.

Pa mpata wachiwiri Glória anachonderera mwamuna wake. Jacinto, pofuna mtendere, anawerama n'kutola kamwala kokhakhala m'mbali mwa njira n'kukaponya pamulu ngati akugenda nkhuku. Kanagubuduka n'kugwera pansi. Germano sanali kuyang'ana iye. Ankayang'ana pamwamba pa mulu, pomwe panali miyala yatsopano isanu ndi umodzi, yosalala, ndere zake zisanaume. Pansi panali mapazi a jombo.

"Patsogolo pathu pali anthu amfuti," anatero. "Ndipo pakati pawo pali ana a mapiri ano, chifukwa akutola miyala. Mawa, akamwini, mutole mwala m'madzi. Sindikukupemphani kuti mukhulupirire. Mutole basi."

Mmawa wa tsiku lachitatu anafika pa mtsinje wa m'munsi mwa mpata wa Nsanja, womwe ndi wautali kuposa inayo. Jacinto anatola mwala, n'kuukweza m'mwamba kuti apongozi ake auone. Germano anagwedeza mutu, koma tsiku limenelo anasankha kuyenda kumbuyo. Anali atakhala ndi anthu nthawi yaitali, ndipo ankadziwa kuti amene wakuonetsa chinthu ndi manja awiri ndiye woyenera kumuyang'anira.

Chitunda cha Nsanja chimatenga theka la tsiku. Jacinto anali ndi ndodo dzanja lina, phukusi paphewa, mapazi akusiya madontho a magazi pamiyala. Atapitirira pakati, pomwe njira imakhota m'mphepete mwa chigwembe, anatsitsa dzanja n'kutambasula zala pang'onopang'ono. Mwala unagwera m'udzu, unadumpha kawiri, n'kusowa kunsi. Sanatembenuke. Germano anaona zonse. Kubwerera kumtsinje kunali kutaya tsiku, ndipo chimanga chinali chitatha. Anangopitiriza kukwera.

Kutatsala pang'ono kufika pamwamba, mphepo inabwera ndi fungo la fodya ndi la mbuzi. Germano anaima. Glória anali patsogolo, mwala wake uli m'dzanja, mwana ali mtulo. Germano anayang'ana kamutu ka mdzukulu wake kakugwedezeka pamsana. Kenako anafulumira, anamupeza Jacinto, anamugwira dzanja n'kumufumbatitsa mwala wake.

"Pabondo, kenako pamulu. Muuike, musauponye. Pakamwa mutseke."

Jacinto anafuna kuyankha, koma anali atawaona kale anthu amfuti aja.

Analipo khumi kapena kuposa, atakhala mozungulira mulu, mfuti zili pamiyendo. Pambali panali matumba ndi mbuzi zitatu zomangidwa. Palibe amene anaimirira. Onse ankayang'ana manja a obwerawo, osati nkhope. Glória anakhudzitsa mwala wake pabondo n'kuuika. Jacinto anachita chimodzimodzi, ndipo mwalawo unakhazikika. Germano anaima patali pang'ono, manja ali m'mbali.

Mmodzi wa anthuwo, wamtali, wovala jekete la asilikali ndi nsapato za matayala, anadzuka pang'onopang'ono.

"A Germano? Ndinu?"

"Ndine."

"Mwakalamba."

"Iwenso watalika, Paulino. Bambo ako anali wamfupi."

Paulino anali mwana wa munthu amene Germano ankasenza naye kachewere kalekale. Tsopano ndiye ankalamula gululo.

"Mwala wanu uli kuti, madala?"

"Ndaiwala."

"Inu? Inu amene munandiwomba khofi pa mulu womwe uno chifukwa ndinatola wokhakhala? Khutu ili limalirabe mpaka lero."

Anzake anaseka. Paulino sanaseke. Anayenda mozungulira Jacinto, akuyang'ana zidendene zong'alukazo, kenako dzanja lakumanzere pomwe khungu linali loyererako, mzere wa wotchi.

"Awa ndani?"

"Mkamwini wanga."

"Amagwira ntchito yanji?"

"Yakudya," anatero Germano. "Zaka zinayi ali ndi mwana wanga, sanagwirepo khasu m'munda mwanga. Taona manjawo. Ukafuna mlesi woti ukamuwete, mutenge, koma udzandibwezera wekha."

Anthuwo anaseka kwambiri, wina mpaka kutsamwa ndi utsi. Germano sananame ngakhale liwu limodzi, ndipo mawu ake anatuluka ndi mkwiyo weniweni wa zaka zinayi. Mwina n'chimene chinathandiza.

Paulino anapita pamulu, ananyamula mwala umene Jacinto anaika, n'kuutembenuza. Unali wakuda ndi thukuta. Anauyang'ana, anayang'ana dzanja la Germano, limene zala zake zinali zikadali zopindika ngati zafumbata kanthu. Anaubwezera pamalo pake.

"Mwala ukaikidwa waikidwa," anatero. "Amene aika adutse. Amene sanaike, mwambo mukuudziwa, madala. Munandiphunzitsa ndinu."

"Ndikuudziwa."

"Abwerere kumtsinje. Ifenso tikulowera komweko. Tikufuna munthu wodziwa njira za ku Macanga zosadutsa kwa asilikali. Ndipo thumba la mchere ili lilibe mwini."

Glória anayamba kulira, koma Germano anamudula.

"Iwe, tamvera. Mukatsika mutsate mtsinje, uzikhala kudzanja lamanja. Mukaona mizere ya kachewere, mwafika ku Tsangano. Musagone m'tauni, mufunse njira ya kumalire. Mwanayo umufunditse, kukuzizira."

Jacinto anatsegula pakamwa.

"Akamwini," anatero Germano, "pitani."

Anapita. Germano anasenza thumba la mchere n'kutsika njira yomwe anakwera, bondo likulira pa sitepe iliyonse ya mwala. Pa mtsinje sanamulole kuima.

Anasenza katundu wa anthu amenewo mvula ziwiri. Zimene anaona kumeneko sanauzepo munthu, ndipo palibe amene anamufunsa mwakhama. Paulino anafera pa mlatho wina. Gululo litabalalika, Germano anabwerera kumudzi kwake akukoka mwendo, n'kupeza nyumba ilibe denga ndi munda uli tchire.

Glória ndi Jacinto anakafika bwino. Mumsasa wa othawa nkhondo chikalata chosokera m'nsalu chija chinagwira ntchito, Jacinto anapatsidwa kalasi. Nkhondo itatha anabwerera, ndipo patapita zaka anamuika kukhala diretore wa sikola ina kufupi ndi Tsangano, nyumba ya malata, njinga yamoto. Glória anapita kukatenga bambo ake. Anayenda pa galimoto, msewu wozungulira kutali, ndipo Germano anaona mpata wa Nsanja uli chapatali ngati dzino loguluka.

Asanachoke ku Macanga anali atayesa kamodzi. Anayenda masiku anayi ulendo wa masiku awiri mpaka pa mtsinje wa m'munsi mwa Nsanja, anatola mwala, anayamba kukwera. Bondo linamukaniza asanafike ndi pa chigwembe pomwe. Anabwerera nawo mwalawo, ndipo anapita nawo ku Tsangano uli m'thumba la jekete.

Kunyumba ya diretore kumabwera alendo, aphunzitsi anzake ndi a ku ofesi ya boma. Akamwa pang'ono, Jacinto amakonda kufotokoza za ulendowo. Amati anavula nsapato, anadzisandutsa mlimi, ndipo pa mpata wachitatu anapusitsa anthu amfuti khumi ndi awiri chifukwa chodziwa miyambo ya anthu wamba. "Mtsogoleri ayenera kudziwa cultura ya povo," amatero, alendo n'kuvomereza. Za apongozi ake amanena kuti anawathandiza kwambiri posonyeza njira. Germano amamva zonsezi ali pakhonde, akusenda nyemba. Sanamutsutsepo. Nkhani ya munthu wa nsapato imayenda mtunda wautali kuposa ya wopanda nsapato, ndipo Glória amadya m'nyumba imeneyo.

Mwalawo uli pakhomo pa kachipinda kake, amatsekerezera chitseko kuti mphepo isachimenye. Tsiku lina Glória anaunyamula posesa.

"Ababa, bambo a Marta akupita kufupi ndi Nsanja mwezi wamawa, kukayendera masikola. Ndiwapatse akakuikireni pamulu?"

"Mwala wa mnzako suika."

"Koma tsiku lija..."

"Tsiku lija linakwana," anatero Germano. "Ubwezere pomwe unali. Chitseko chikumenyeka."