Chinangwa cha Masiku Awiri

Mwera unaomba kuyambira m'mawa, kugwedeza mitengo ya mphira osaleka. Rabson, Mngoni wa ku Ntcheu, anali atacheka mitengo makumi atatu pamene mdima unamugwira m'maso. Makutu analira, mpeni unagwa, iyenso n'kutsatira.

Anatsitsimuka mutu uli chonyowa. Kapitawo anali chiimire pambali pake, chitini cha madzi chili m'manja.

"Kachiwiri sabata ino, achimwene. Kachasu ameneyu. Mukakomokanso, ntchito yatha."

Mowa Rabson sanaulawepo chibadwire, koma kudzikanira kunkamulemera pakamwa.

Ataweruka anangozungulirazungulira pakhomo, mutu ukugunda. Eliza, mng'ono wa malemu mkazi wake Gertrude, anadutsa akuchokera kokayeserera magule a chipani ku Kande. Anaima pa mphasa yoanikapo chinangwa, nanyema kachidutswa, kulawa, n'kulavula.

"Alamu, mumaviika masiku angati?"

"Awiri."

"Awiri! Kuzizira konseku? Mukufuna kutsatira Gertrude kumanda? Chinangwa chowawa chimafuna masiku asanu m'madzi, mpaka chifewe ngati nthochi yakupsa. Apo ayi chimazunguza mutu, munthu n'kugwa. Zaka zonsezi mumangomeza kondowole osapenya?"

Rabson anayang'ana kumbali. Kuviika inali ntchito ya Gertrude, ndipo chimwalirireni iye sanafune kufunsa munthu.

"Muzibweretsa kwathu, ndizikuviikirani."

"Ayi."

Eliza anachoka akung'ung'udza m'Chitonga. Rabson anakhala pansi, anadzuka, anakhalanso. Kenako anakataya ufa wonse kudzala, natenga khasu kupita kukazula chinangwa china.