Khomo la a Herbert

"Amayi, khomo ili n'la nyumba kapena la galaja?" anafunsa Winston, tepi yoyezera ili m'manja.

Anali atafika dzulo lake kuchokera ku Mangalande, patatha masiku anayi bambo ake, a Herbert, ataikidwa m'manda. Zaka khumi ndi zisanu osaoneka kwawo. Zomba amene anamusiya, wa mitengo yotseka phiri lonse, sanamupeze; anapeza zitsa ndi njinga zakabaza. Mkwiyo wake unasowa pogwera, ndiye unagwera khomo la nyumba ya ku Mtiya imene bambo akewo, mmisiri womanga, anamanga ndi manja awo.

Mayi ake anali pamkeka, duku lakuda kumutu, akusankha nyemba ndi Dora, mlongo wake wa Winston.

"Khomo labwino silifika ndi mita yomwe," anapitiriza. "Ili n'la mita ndi theka, zitseko ziwiri. Mphepo ya kuphiri ikungolowa, pomwe inu mutsala nokha muno. Ndagula kale chitseko chachitsulo m'tauni. Ndiuza a Nasoro adzalichepetse ndi njerwa mawa."

Dora anaseka. "Achimwene, mwagona tsiku limodzi lokha, mwayamba kale kugumula? Ndi tiyi yemwe simunamalize."

"Ndawerenga mabuku a zomangamanga, iwe."

"Mabukuwo anamanga nyumba zingati ku Zomba kuno?"

Mayi aja anaika lichero pansi.

"A Nasoro amanga ndi abambo ako zaka makumi awiri. Akukanira. Khala pansi, Winston."

Anakhala pa sitepe.

"Mng'ono wako Chipiliro atamwalira, iwe unali ku sukulu yogonera, unatipeza kumanda. Sunaone za kunyumba ya lendi ija ya ku Chinamwali. Bokosi linakana kutuluka. Analipendeketsa, kenako analiimiritsa. Ine ndinamva mwana wanga akugunda mkatimo." Anapukuta manja pachitenje. "Kuyambira pamenepo, nyumba iliyonse yomanga abambo ako inali ndi khomo lotere. Eni ake akadandaula za mtengo wa matabwa, ankangoti, 'Mukafuna lochepa, itanani wina.'"

"Ndipo Lachiwiri lija abambo anatuluka bwinobwino," anatero Dora. "Amuna atatu mbali iyi, atatu mbali inayo, palibe anakhudza khoma. A Nasoro ali panjapo amvekere, 'Mwauona muyeso wa a Herbert?' Anthu mpaka kuseka, pamaliro!"

Mayi aja anamwetulira. "Nanenso ndidzatulukira pomwepa, chogona, ngati munthu. Ukufuna adzandiimiritse?"

Winston anayang'ana khomo lija nthawi yaitali. Tepi inabwerera yokha m'kachikuto kake.

"Nanga chitseko ndagulachi?"

"Khola la nkhuku lilibe chitseko," anayankha Dora. "Zikhala nkhuku zolemekezeka Mtiya yense."

Winston ananyamuka n'kukankha chitseko chakumanzere, chimene sichinkatsegulidwa kawirikawiri. Chinalira. Pawindo panali kabotolo ka mafuta, nthenga ya nkhuku ili mkati, pamene bambo ake anakasiya. Anatenga nthengayo n'kupaka mahinjesi onse, limodzilimodzi, kuyambira pamwamba.

Kenako anatsegula zitseko zonse ziwiri mpaka kukhoma. Mphepo ya kuphiri inalowa n'kuulutsa makoko a nyemba. Mayi ake sanasunthe mkeka.