Sowo Yomwe Zubair Sanazimitse

Magetsi anapita sowo ili pakati pa bolodi. Phokoso lake linatsika pang'onopang'ono ngati injini ya boti yothera mafuta, kenako mu shopu munangoti zii. Zubair anavula zotseka m'makutu n'kupukuta thukuta ndi malaya.

Sowoyo sinali ngati za akalipentala ena a kwa Mponda. Inali chimango chachitali chazitsulo chotsamira khoma, chomwe mkulu wake anamutumizira kuchokera ku Joni chitagwirako kale ntchito. Bolodi yathunthu ankaiimika chilili pachimangopo, ndipo mpeni wozungulira unkayenda pa mapaipi awiri. Kudula chotsitsa kunalibe vuto. Koma tsikulo ankadula chopingasa, zitseko za kabati, ndipo mpeni utaima, mbali ya pamwamba ya bolodi inaukhalira ndi kulemera kwake konse n'kuupana. Anayesa kukoka, koma sunasunthe.

"Yatopa njovu yako ya ku Joni?"

Anali a Simioni, ali pabenchi lawo pakhomo. Mkuluyu anakulira ku Chembe akukhoma maboti a matabwa, mpaka msana unamukana n'kubwera kudzakhala kwa mwana wake m'tauni. Tsopano ankakonza mipando yothyoka ndi mipini ya makasu pakhonde la shopu ya Zubair. Lachisanu Zubair akapita ku mzikiti, iwo ankalondera shopu. Lamulungu iwo akapita ku tchalitchi, Zubair ankawasungira zida. Sanakhalepo pansi kuti apangane zimenezi, zinangoyamba zokha.

"Magetsi, bambo," anatero Zubair.

"Magetsi, magetsi. Ife ku Chembe tinkacheka matabwa a boti lonse, magetsi athu anali awa." Anamenya mkono wawo wowonda. "Thabwa likapana sowo umangokhomera kamtengo mumng'alumo, limatsegula pakamwa lokha. Undipatse ntchito imeneyo, ubwere upeze zitseko zili pakabati."

Zubair anangomwetulira. Sankadziwa kubwezera nthabwala. Mawu abwino ankamubwerera munthu atapita kale.

Pomwepo azana, kuitanira anthu ku swala, anamveka, ndipo pakhomo panaima chithunzithunzi. Anali Che Sulemani, apongozi ake, atavala mkanjo woyera wosita bwino, ndodo m'manja.

"Asalamu alaikumu. A Simioni, mwaswera? Kodi mkamwini wanga akupita ku Juma, kapena aswalira pa utuchi pomwepa?"

Zubair anadzambatuka. Anali atangokwatira kumene mwana wawo Rahma ndipo ankakhala pamudzi pawo. Kufikira tsikulo anali asanawayang'anepo m'maso. Ndiye lero munthu wamkulu chonchi aime padzuwa la Okutobala kudikira iye? Anathamangira kuseri, anatawadha, kusamba kokonzekera swala, mofulumira madzi akumwazikira paliponse, anavala mkanjo ndi kofia, n'kutuluka akukoka patapata ndi zala. Ngakhale kucheuka sanacheuke.

Mzikiti unali pafupi, kungodutsa msika n'kuwoloka msewu. Che Sulemani sankakhala kumbuyo. Anamugwira dzanja n'kumufikitsa pamzere woyamba weniweni, kutsogolo kwa shehe, pakati pa madala a ndevu zoyera. Zubair akakhala yekha ankakonda kukhala pafupi ndi chitseko, pomwe palibe amene amakuona. Apa ankangomva ngati maso a mzikiti wonse ali pakhosi pake.

Shehe anakwera n'kuyamba khutuba, ulaliki wa tsiku la Juma. Nthawi imeneyi mwana aliyense wa ku madarasa amaidziwa: shehe akayamba, pakamwa potseka. Ngakhale kuuza mnzako kuti akhale chete, wayankhula kale, ndipo madalitso a Juma yako apita. Kulumpha mapewa a anthu okhala pansi ndiye kosayenera n'komwe.

Munali kutentha. Thukuta linkayenderera kumsana. Zubair anayesetsa kumvetsera, koma maso ake anapita kudenga, pa fani yomwe inangoti duu chifukwa chosowa magetsi.

Kenako faniyo inagwedezeka.

Inayamba kuzungulira mwaulesi, ngati yosafuna. Magetsi anali atabwera, koma ofooka. Madala ena anapumira m'mwamba posangalala ndi kamphepoko. Koma Zubair anakumbukira chinthu chimodzi.

Swichi.

Tsiku lililonse magetsi akapita, manja ake ankadziwa okha chochita: kuzimitsa swichi ya sowo, kenako kuzula pulagi kukhoma. Ankatero chifukwa swichi yeniyeni ya makinawo, yomwe imadzizimitsa yokha magetsi akapita, inafika kuchokera ku Joni itafa kale. Wamagetsi anangoikapo swichi wamba, yomwe ukaisiya yoyatsa imakhala yoyatsabe. Ankadziuza kuti adzagula yeniyeniyo mwezi wamawa, ndipo mwezi wamawawo unkangosuntha.

Kodi lero anazimitsa? Anafufuza m'mutu mwake. Anaona zotseka m'makutu, a Simioni akumenya mkono, mkanjo woyera pakhomo. Chala chake pa swichi sanachione.

Mwina a Simioni angokhala pabenchi lawo. Mwina akuwodzera. Koma ankawadziwa mkuluyo. Ntchito yosiyidwa pakati inkawayabwa ngati chitedze. Ndipo kutsogolo kwa mpeni kunali chophimba, koma kuseri kwa bolodi mano ankatulukira poyera, pamalo pomwe munthu wofuna kudziwa chomwe chapana angapisepo dzanja.

Foni anaisiya m'thumba la buluku la ntchito. Ngakhale akanakhala nayo, akanaimba bwanji pamaso pa shehe?

Anayang'ana Che Sulemani cham'mbali. Maso awo anali otseka, mutu ukugwedera pang'ono movomereza mawu a shehe. Awanong'oneze? Akatero awononga Juma yake ndi kusokoneza yawo. Adzuke osanena kanthu? Mawa msika wonse udzakhala ukunena kuti mkamwini wa Che Sulemani anathawa khutuba pamzere woyamba, kuponda madala ngati mbuzi yolowa m'dimba. Rahma adzamva kuchokera kwa amayi a pachitsime iye asanafike n'komwe kunyumba.

Munthu wamanyazi amatha kudzinamiza msanga. Zubair anayamba kudziuza kuti mwina anazimitsa, kungoti sakukumbuka. Mwinanso mzere wa magetsi wa ku shopu ndi wina. Ingotha khutuba, swala yake ndi yaifupi, adzathamanga. Anapinda manja pamaondo.

Fani ija inawonjezera liwiro pang'ono.

Anaona m'maganizo manja a a Simioni, okhakhala, a zipsera za zingwe ndi misomali, akupapasa kuseri kwa bolodi. Manja omwewo ndi omwe ankamusendera chinangwa chootcha m'mawa n'kumuikira pabenchi osanena kanthu.

Sanadziwe kuti waima liti. Anangozindikira kuti ali chilili, ndipo shehe wadukiza mawu pang'ono akumuyang'ana. Che Sulemani anatsegula maso. Zubair anaika dzanja pachifuwa, anawerama, n'kutembenuka.

Mizere inali yothithikana. Anaponda mpendero wa mkanjo wa munthu wina, bondo lake linagunda phewa la wina. Winanso anatsonya. Palibe anayankhula, ndipo zimenezo ndiye zinkawawa kwambiri, maso okhaokha kuchokera kutsogolo mpaka kuchitseko. Panja panali mulu wa nsapato. Sanafune n'komwe zake. Anakweza mkanjo mpaka m'maondo n'kuyamba kuthamanga.

Phula la msewu linamuwotcha mapazi. Wakabaza wina anamukhotera pafupi n'kukuwa, "Shehe, mwaba chiyani kumzikiti?" Amayi ogulitsa usipa anaseka. Iye makutu ake anali kutsogolo, kufunafuna kulira kwa sowo. Akanamva kulira kwake kwa masiku onse, akanadziwa kuti mpeni ukuzungulira. Sanamve kanthu, ndipo sanadziwe ngati zimenezo zinali zabwino kapena zoipa.

Atakhota pa ngodya ya shopu, benchi la a Simioni linali lopanda munthu.

Mkati munkamveka kung'ung'udza kotsika, ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini, ndi fungo la waya wopsa. Mota inkalimbana kuti izungulire koma bolodi inali itagwira mpeni. A Simioni anali atagwada pambali pa chimango. Kamtengo kosongoka kanali kale mumng'alu, hamala ili m'dzanja lamanja. Dzanja lamanzere linali kuseri kwa bolodi mpaka m'chigongono.

"Chotsa dzanja! Chotsa, iwe!"

Mawuwo anatuluka aakulu moti iye mwini sanawazindikire. A Simioni anadzidzimuka n'kusolola dzanja, hamala n'kugwera pa kamtengo kaja. Mng'alu unatseguka. Sowo inakuwa mwadzidzidzi, bolodi inadumpha pachimango, tizidutswa tinauluka mpaka kumalata. Zubair anazungulira patali atakumbatira mkanjo wake kuti nsalu isayandikire mpeni, anafika kukhoma n'kuzula pulagi.

Mpeni unazungulirabe kanthawi, kenako unaima.

A Simioni anali atakhala pansi pa utuchi, miyendo ili tambalale. Anayang'ana Zubair, nkhope itakwinyika.

"Wati chiyani? Iwe? Ine ndi iwe wako?"

"Pepani, bambo. Ndionetseni manja."

"Mwana wa dzulodzuloli kunditchula iwe! Ndimati ndikuthandize. Chinthu chako chimalira ngati ng'ombe yodwala, ndiye ndimati ndichimasule chisapse."

"Manja, bambo. Chonde."

Mkuluyo anawatambasula monyinyirika. Zala zonse zinalipo. Pa chala chapakati panali kamzere kofiira pomwe dzino la mpeni linakanda pamene ankasolola. A Simioni anakayang'ana kamzereko nthawi yaitali. Kenako anayang'ana bolodi, pomwe mpeni unang'amba chibowo chonga pakamwa pa ng'ona, pamalo enieni pomwe panali dzanja lawo. Sanapitirizenso za iwe uja.

"Sowo ya manja ukaisiya imakhala pomwe waisiya," anatero motsitsa mawu. "Iyi imadzuka yokha?"

"Ndinaisiya yoyatsa. Ndinathamangira apongozi."

Zubair anakhala pansi pomwepo, mkanjo woyera pa utuchi. Pansi pa mapazi panali matuza. Patali sipika ya mzikiti inkamveka, anthu atayamba kale swala. Anakhala chomwecho awiriwo mpaka inatha.

Che Sulemani anafika akugogoda ndodo, patapata za Zubair zili m'dzanja lina. Anaziponya pakhomo. Nkhope yawo sinkaonetsa kanthu.

"Zubair. Anthu andifunsa ngati mkamwini wanga wadwala m'mimba kapena m'mutu. Ndiwayankhe chiyani?"

Zubair anadzuka. Anafuna kuyang'ana pansi monga mwa masiku onse, koma anadziwa kuti akatero mawu sadzatuluka. Anawayang'ana kumaso n'kufotokoza zonse, za swichi yakufa yomwe sanagule, za pulagi yomwe sanazule, za fani. Mawu ankadukaduka koma anafika kumapeto.

Che Sulemani analowa, anawerama n'kusuzumira kuseri kwa bolodi. Anagwira dzanja la a Simioni n'kulitembenuza uku ndi uku ngati akugula chambo.

"Inunso achimwene, zaka zonsezi, kupisa dzanja m'kamwa mwa chinthu choti chikulira?"

"Chimalira mwaulemu," anatero a Simioni. "Ndinkadziwa bwanji kuti n'chachipongwe ngati mwini wake?"

Che Sulemani sanaseke. Anatembenukira kwa mkamwini wawo.

"Unagunda Che Sefu paphewa ndi bondo. Ukawapepese wekha kunyumba kwawo, ine sindikuperekeza. Ndipo chinthu ichi chisalirenso mpaka swichi yakeyo itabwera. Wamva?"

"Ndamva, baba."

"Juma yakudutsa. Swali Zuhuri, swala ya masana, nthawi isanathe." Anafika pakhomo n'kuima, osacheuka. "Za anthuwo ndikawayankha ndekha."

Zubair anapita kuseri n'kunyamula ketulo ya madzi kuti atawadhenso. Madzi ankangotayikira pambali, ena pa mkanjo. Anayesanso kachiwiri, chimodzimodzi. A Simioni anabwera akutsimphina ndi msana wawo, anamulanda ketuloyo.

"Bweretsa kuno, ungamalize madzi a shopu yonse. Ndithire pati poyamba? Zanuzi ine sindizidziwa."

"M'manja, bambo."

Zubair ananjuta n'kutambasula manja, ndipo mkuluyo anayamba kuthira pang'onopang'ono.