Ndindi za pa Kompyuta ya a Chikoti

Pa Namitete, kuseri kwa pokwerera maminibasi, a Frazer Chikoti anali ndi kashopu kobenera nyimbo. Munthu umabwera ndi memore yako, n'kutchula nyimbo zomwe ukufuna, iwo n'kukuikiramo kuchokera pa kompyuta yawo yakale. Ankavala shati yoyera, cholembera chili pathumba. Chimene Namitete yense sankadziwa, ngakhale akazi awo a Elube amene anakhala nawo zaka khumi ndi zinayi, n'choti a Chikoti sankatha kuwerenga, ngakhale dzina lawo lomwe.

Nanga ntchito ankaigwira bwanji? Ankayendera malo. Amene anawagulitsa kompyutayo anawatchulira tizithunzi ta pa sikirini kamodzikamodzi, iwo n'kumakoka kalikonse ndi mausi kukakaika pamalo pake, motsata mmene inakhalira esiteti ya fodya ya ku Kasiya kumene anakulira, makolo awo ali matenanti. Pulogalamu yoyimbira nyimbo inakhala pamwamba kumanja, panyumba ya bwana. Yokoperera inali pakati, pa chigafa choyanikamo fodya. Mafoda achikasu makumi anayi, ofanana ngati anapiye, anamwazikana ponseponse: nyimbo za kwaya pachitsime, za ukwati pamtengo wa mango, za kumowa kumunsi kwenikweni, kudambo. Wina akayang'ana ankangoona chipwirikiti. Iwo ankaona kwawo.

Lachiwiri lina anapita kumaliro ku Nsaru, n'kusiya a Elube kuti angolondera shopu. Tsono a Elube ndi mwana wa mlimi wa ku Mpingu, ndipo pa kusankha fodya analibe mnzawo. Tsamba likasochera pamulu wa eni, tulo sankatipeza. Atasesa, n'kupukuta fumbi, maso awo anagwera pa sikirini ija.

Lachitatu m'mawa a Chikoti anayatsa kompyuta, a Elube ataima pambuyo pawo, akumwetulira. Sikirini inawala. Nyumba ya bwana kunalibe. Chigafa kunalibe. Tizithunzi tobiriwira tinali pamzere wake, tofiira pamzere wake, ndipo mafoda achikasu onse makumi anayi anandandalikidwa kumanzere, mizere isanu yowongoka bwinobwino.

"Mwaona, abambo ake Febe?" anatero a Elube. "Ndakusankhirani ngati fodya. Ndindi iliyonse ndi mtundu wake. Tsiku lonse latunthu, mpaka mkono kuwawa. Mumagwira bwanji ntchito m'dzala muja?"

A Chikoti anakhala pampando n'kugwira mausi. Nthawi yomweyo analowa a Tisiyenji, mtsogoleri wa kwaya ya amayi, atatsagana ndi anzawo atatu.

"Achimwene, tiikireni nyimbo za kwaya zija, koma tiyambe tazimva."

A Chikoti anayendetsa mausi pa mizere yachikasu ija, uku ndi uku, ngati nkhuku yosowa poikira. Pansi pa foda iliyonse panali timalemba takuda, tomwe kwa iwo tinali ngati nyerere zakufa. Anangotseka maso n'kudina.

Sipika ya panja, yomwe imamveka mpaka kuchigayo, inaphulika ndi nyimbo ya kumowa, ija yotchula ziwalo popanda kupsatira. Makondakitala anakuwa ndi chimwemwe. A Tisiyenji anagwira pamtima.

"Kalanga ine! Achimwene, zimenezi mukuyimbira ife?"

"Pepani mayi, pepani!" Anadina foda ina, n'kutuluka filimu ya nkhondo, mfuti zili phuphuphu. Amayi aja anafunda zitenje kumutu n'kutuluka ali yakaliyakali.

A Elube anazimitsa sipika. "Kodi mwatani? Si iyi apa, yalembedwa kuti KWAYA? Chala chanu chinali pomwepo! Ingowerengani, eti?"

A Chikoti anayang'ana pamene mkazi wawo ankaloza. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Amake Febe," anatero motsitsa mawu, "ine sukulu sindinapondeko. Mwana wa tenanti ankasoka fodya, osati kupita kusukulu."

A Elube anaseka pang'ono, kudikira kuti nthabwala ithe. Sinathe. Anakhala pansi pa kireti ya zakumwa kuti khu.

"Cholemberacho?"

"Sichilemba n'komwe."

"Kutchalitchi mumatsegula buku la nyimbo!"

"Nyimbozo ndinaziloweza."

Kenaka a Elube anadzidzimuka ngati alumidwa ndi linthumbu. "Nanga makalata aja? Makalata asanu ndi awiri ondifunsira aja? Akuti maso anga ndi ngati nyenyezi ya m'bandakucha?"

"Ankalemba ndi a Jackson, otchaja mabatire aja. Koma mawu ena anali anga."

"Ati?"

"Oti ndili ndi njinga."

"Mayo ine! Zaka khumi ndi zinayi ndikusunga m'sutikesi makalata a a Jackson! Munthu wopanda mano uja!"

Anadzuka n'kutuluka. A Chikoti anatsala okha, akuyang'ana esiteti yawo itagumulidwa. Anaganiza za sutikesi ija, kuti mwina pofika madzulo ikhala ili pakaliyala ya kabaza, kulowera ku Mpingu. Anachotsa cholembera pathumba n'kuchiika patebulo. Kasitomala wina anasuzumira, iwo n'kumuuza kuti netiweki yavuta, ngakhale kompyutayo sinalawepo netiweki chibadwire.

Dzuwa litafika paliwombo, chitseko chinatseguka. A Elube analowa, maso ali psuu, n'kukokera kireti ija pafupi ndi mpando wa amuna awo. Sanawayang'ane kumaso.

"Gwirani mausiyo. Yoyambayi ndi KWAYA. Inu mumaiika pati?"

"Pachitsime," anayankha a Chikoti, n'kuwafotokozera kuti sikiriniyo inali esiteti ya kwawo ku Kasiya. Anaikoka pang'onopang'ono mpaka pakati, chakumanzere.

"Iyi ndi UKWATI."

"Pamtengo wa mango. Apa. Pamenepa m'pomwe amayi ankatigawira phala."

A Elube anayang'ana malo opanda kanthu pa sikiriniyo ngati akuuona mtengowo.

"Yachitatu, ZA KUMOWA."

"Kudambo."

"Ikokereni kutali kwambiri imeneyo," anatero a Elube. Anatola cholembera chija, n'kuchiyesa pachikhatho, n'kuchiponya m'katoni ya zinyalala. "Ndipo a Jackson akandipatsanso moni womwetulira uja, mudzawauze nokha chifukwa chimene ndawathira madzi. Tiyeni, yachinayi."