Katswiri wa Mvula ya ku India

Tsiku limene Gordon anabwera kudzaika za kubetcha m'foni ya mwamuna wake, Mtende ananena mawu ake momveka bwino, ali chiimire pakhomo, mwana ali kumsana.

"Bambo a Yamiko, chinthu chimenecho chidzakulandani kiriketi. Sindikunena za ndalama ayi. Kiriketi."

Amuna awiriwo anaseka mpaka tiyi kutayikira patebulo. Gordon, mlangizi wa alimi a khofi, munthu wosadziwa ngakhale mbali yogwirira thabwa lomenyera mpira, anapukuta misozi nati, "Alamu, mukuopa chiyani? Wodziwa masewera amenewa ngati Willie alipo wina ku Rumphi kuno? Nzeru zikungowola izi. Zisiyeni zibereke kanthu."

"NyaGondwe amaopa ndi mthunzi wake womwe," anatero Willie, akuloza mkazi wake. "Mwana akangoyetsemula, iye wayamba kale kufunsa za galimoto yopita kuchipatala."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake palibe amene anamumvera. Munthu amene amadzuka kawiri kukaona ngati chitseko n'chokhoma, mawu ake amatengedwa ngati kulira kwa nkhuku.

Willie Kachingwe anachokera ku Zomba. Boma linamutumiza kudzaphunzitsa masamu pa sekondale yoyendera ina kumtunda kwa Nchenachena, ndipo anafika ndi sutikesi imodzi ndi thabwa la kiriketi lokulungidwa m'thaulo ngati khanda. Anyamata anakana kumupatsa bwalo la mpira wamiyendo, choncho anatenga atsikana n'kupita nawo kuseri kwa tchalitchi, pamalo otsetsereka pomwe ankamangirirapo mbuzi. A Amock akalipentala anasema mathabwa ena awiri a mlombwa, olemera ngati munsi. Mpira unali wa tenesi wokulungidwa ndi tepi. Mtende anapita tsiku lina kukaonerera mng'ono wake, Willie n'kumupatsa buku ndi pensulo kuti azilemba zigoli poti anali atamaliza Fomu 4. Analemba zigoli chaka chonse, kenaka anasaina m'buku laukwati.

Willie wa masiku amenewo ankafuula mpaka mawu kusasa. Ankathamanga ndi nsapato zakuntchito, tayi ikuuluka, ndipo mtsikana akamenya bwino mpira ankavina yekha pakati pa bwalo anthu akuona.

Willie wa m'foni sankavina. Sankaluzanso zambiri, tisamunamizire: ankabetcha ndalama yogulira sopo, ndipo nthawi zina sopoyo ankabwerera. Chimene chinkamudya n'kuganiza. Asanadine kabatani kamodzi ankafuna adziwe kaye ngati ku mzinda wina wa ku India, umene sadzauona mpaka kufa, kugwa mvula Lachitatu. Ngati dothi la bwalo lawo n'lofiira kapena lakuda. Ngati woponya mpira wamanzere uja bondo lake lachira. Ngati kaputeni wagona bwino. Zonsezi ankazilemba kumapeto kwa buku la zigoli la atsikana, kuyambira tsamba lomaliza kubwerera chakutsogolo, mizere ndi mivi ndi timanambala tating'ono ngati nyerere. Denga la chipinda chawo linkadontha pamutu penipeni pa bedi, koma katswiri wa mvula ya ku India sanalione. Mtende ndiye ankasuntha beseni.

Netiweki pamalopo inkagwira bwino pamalo amodzi okha, pachulu cha m'mphepete mwa bwalo la atsikana lija. Choncho masana alionse, folo koloko ikamakwana, nthawi imene amwenyewo amayamba kusewera, aphunzitsi a masamu ankakwera chulu n'kuimirira ngati chiwopsezo cha m'munda, foni m'mwamba, msana atalozetsa ku timu yawo. Masewera enieniwo sankawaonanso. Ankangoona manambala akusintha. Miyezi isanu ndi iwiri inatha choncho, atsikana akuphunzitsana okha, akukangana okha.

Kenaka kunabwera kalata yochokera ku Mzuzu. Okonza masewera a sukulu anali atamva kuti kumapiri kuli atsikana omenya kiriketi ndi mlombwa, ndipo anawaitana kuti akasewere Loweruka. A Laws, amene amatsitsa nthochi pa pikapu yawo Loweruka lililonse folo koloko m'bandakucha, anavomera kuwanyamula. A hedi, a Hezron Msiska, ananena chinthu chimodzi chokha: popanda mphunzitsi wawo, mwana aliyense agone kwawo.

"Loweruka sizitheka," anatero Willie Lachinayi madzulo, maso ali m'buku. "Ku India kuli masewera awiri otsiriza, mawa ndi Loweruka. Ndawawerengera masabata atatu. Ukufuna folo koloko yamasana idzandipeze pa pikapu ya nthochi tikubwerera, pakati pa mapiri, popanda netiweki?"

"Ana aja sanakwerepo galimoto kupitirira pa Boma."

"Adzapita chaka chamawa."

"Kaputeni wanu Nelly chaka chamawa adzakhala atamaliza sukulu."

"NyaGondwe, iwe sukumvetsa. Ili si juga ngati la anyamata a pamsika. Iyi ndi sayansi."

"Nanga mwasankha timu iti, asayansi?"

Willie anatsegula tsamba lina, n'kutsegulanso lina. Timu yovala zachikasu inali ndi masamba anayi. Yovala zabuluu inalinso ndi masamba anayi.

"Ndikuyang'anabe," anatero. "Koma mvula ndiye kulibe. Zimenezo ndatsimikiza. Masamba atatu awa ndi a mvula yokha."

Mtende anapita kukaona ngati chitseko n'chokhoma.

Lachisanu masana atsikana anabwera kubwalo ngakhale ankadziwa kuti ulendo wafa. Mtende anatenga buku la zigoli lija patebulo mwamuna wake ali kusukulu, anabereka Yamiko, nakakhala pamwala wake wakale. Anatsegula kutsogolo, kumene dzanja lake linalekezera miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, nalemba tsiku.

"Madamu mwabwera? Yewo chomene!" anafuula Nelly, kaputeni wawo, mtsikana wamtali wamanzere amene ankamenya mpira ngati wakwiya nawo. "Sala nanga?"

Mtende analoza ndi pensulo. Sala, monga atsikana ankamutchulira Willie, anali atakwera kale pachulu, msana uko, foni m'mwamba, milomo ikuyenda. Panatsala theka la ola kuti amwenye ayambe, ndipo chala chawo chinkapita pa zachikasu, n'kubwerera, n'kupita pa zabuluu, n'kubwereranso, ngati nkhuku yosowa poikira dzira.

Mpira wachitatu, Nelly anaumenya ndi mkwiyo wonse wa ulendo wakufawo. Unakwera m'mwamba, unapitirira mbuzi, unalunjika pachulu. Mtende anaphimba nkhope ndi buku. M'mutu mwake anali ataona kale magalasi osweka, magazi, ndi galimoto yopita kuchipatala.

Atsikana ndiwo anakuwa: "Sala!"

Willie anatembenuka, dzanja lamanzere linatuluka lokha, ndipo mpira unakhala m'menemo, phaa! Chinali chinthu choyamba m'miyezi isanu ndi iwiri chimene anachita asanachiganizire.

"Watuluka! Nelly watuluka!"

"Ayi, sizikuwerengedwa!" anatero Nelly. "Sala sali m'masewera. Sala ndi mtengo wa netiweki."

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Willie anayang'ana mpira, anayang'ana Nelly.

"Phazi lako lakutsogolo linali kuti? Ndinakuuza kangati kuti phazi litsogole, thabwa litsatire? Ku Zomba mpira umenewu ngakhale agogo akanaugwira."

"Bwerani mudzanditulutse nokha ngati mukadali ndi mkono."

Anatsika pachulu. Podutsa pamwala paja anaponyera foni pamiyendo pa mkazi wake. "Tagwira. Mpira umodzi wokha."

Mtende anaimanga pa ngodya ya chitenje, mfundo ziwiri.

Mpira umodziwo Nelly anautumiza kuseri kwa tchalitchi. Wachiwiri unakagwera m'munda wa chinangwa wa abusa. "Sala akalamba! Foni yawadya mkono!" atsikana ankaimba akuwomba m'manja. Willie anavula tayi. Anavula nsapato. Anabwerera m'mbuyo masitepe khumi ndi awiri, akupukuta mpira pa thalauza ngati kale. Pantchafu pa Mtende foni inayamba kunjenjemera. Anasuzumira: Gordon. Inaleka, inayambanso. Folo koloko inakwana, inapitirira. Mtende anangosuntha mwana n'kukhalira mfundoyo, napitiriza kulemba.

Dzuwa litapendekera ku mapiri a Nyika, mpira wina unatera pansi, unakhota ngati waona njoka, n'kudutsa pakati pa thabwa ndi mwendo wa Nelly. Timitengo titatu timene womenya amateteza kumbuyo kwake tinabalalika, Nelly n'kutuluka. Ndipo aphunzitsi a masamu, opanda nsapato, malaya atatuluka m'thalauza, anavina pakati pa bwalo mbuzi zikuwaonerera.

Anakumbukira za foni ali kale kunyumba, akusamba m'miyendo pakhonde. Asanafunse, njinga yamoto ya Gordon inalira pabwalo.

"Iwe, ndakuimbira kasanu ndi kawiri! Unaika pa iti?"

"Sindinaike."

"Wapulumuka nkhawa chabe. Sanasewere n'komwe. Chimvula, m'bale wanga! Bwalo lonse dziwe."

Mtende anali akupukuta mbale. Anayesa kudzigwira, koma chiseko chinatulukira m'mphuno.

"Masamba atatu," anatero, osayang'ana munthu. "Yewo, asayansi."

Gordon sanamve. Anali atakhala kale pampando, akusisita manja. "Ndiye tamvera ubwino wake. Awasunthira mawa. Mawa ndiye kuli awiri, tsiku lonse lili m'manja mwathu. Ndibwera seveni koloko, tikakhale pachulu ndi buku lako lija, tiganize bwinobwino. Alamu atikonzera tiyi mu fulasiki."

"Alamu ake ati?" anafunsa Mtende.

Willie anatenga bukulo. Analitsegula kumapeto monga mwa chizolowezi, nayang'ana nyerere zake zija nthawi yaitali. Kenaka analitembenuza, natsegula kutsogolo. Pamenepo panali dzanja la mkazi wake, laudongo ngati kale: Nelly Harawa, watulutsidwa ndi W. Kachingwe, zigoli 23.

"Twente-firii?" Anakweza mutu. "Mwana uja sanandimenye twente-firii. Naintini."

"Twente-firii. Mpira wa m'chinangwa uja unali wa zigoli sikisi."

"Unagunda pansi usanadutse malire! Unali wa folo!"

"Munauona bwanji inu, mutagwira kumutu?"

"Ngakhale utakhala wa sikisi, masamu ake sakukwana. NyaGondwe, ine ndimaphunzitsa masamu."

"Ine ndimalemba zimene ndaona."

"Anthu inu mukukangana za chiyani?" anatero Gordon. "Pali ndalama pamenepo?"

Willie ankawerenga ndi chala mzere ndi mzere, akung'ung'udza, akumwetulira osadziwa. Atafika pansi anapuma.

"Twente-firii," anavomera. "Ndiye ngati wandimenya ine choncho, a ku Mzuzu akawapha. Koma phazi lija likamupereka. Pafunika munthu womukumbutsa." Anatseka buku. "Gordon, podutsa uwauze a Msiska kuti ana adzuke. Uwauzenso a Laws asatisiye."

"Nanga masewera awiri aja?"

"Pachulu palibe loko. Ukakwere."

Njinga itapita, Willie anatambasula dzanja kuti alandire foni, kenaka analibweza n'kuliika m'thumba. "Ikhale komweko. Undidzutse hafu pasiti firii."

Mtende anatenga bukulo, anang'amba masamba akumapeto onse, achikasu, abuluu ndi amvula omwe, nawafinya pansi pa makala m'mbaula. Anayaka bwino kuposa mmene ankayembekezera. Anateleka mazira a paulendo, ndipo ali chikhalire pamenepo anayamba kuwerenga zimene zingalakwike: matayala a pikapu ya a Laws, matope a pa mlatho, mphepo ya m'bandakucha pachifuwa cha mwana. Kenaka anakumbukira china choposa zonsezo. Akangotsika kumapiri n'kufika pamsewu wa tala, netiweki imagwira paliponse, ndipo mu Mzuzu muli mafoni ambiri obwereka.

Anaonjezera mazira awiri m'poto. Anatulutsa chipewa chaubweya cha Yamiko ndi bulangete, nasongola pensulo.

"Nanga zimenezo?" anafunsa Willie.

"Timu siyenda popanda wolemba zigoli," anatero Mtende. "Tinyamuka tonse kusanache."